Chevelle ya 1970: injini tasintha, torque converter tasiya yomwe ija

Kumayambiriro kwa Okutobala

Injini ya 350 (ya malita 5.7) yatuluka, ili pakona m'galaja pamwamba pa tayala lakale. Galimoto yake ndi Chevrolet Chevelle Malibu ya 1970, ya zitseko ziwiri, imene tikukonza ine ndi alamu anga kuno ku Indiana, ku America. Si SS 454, ya injini yaikulu ya malita 7.4, ija anthu amalimbirana pamisika ya galimoto zakale. Ndi Malibu wamba, yomwe inatuluka ku fakitale ndi 350 ya kabuleta yaing'ono ndi gearbox ya TH350, yosintha yokha, ya magiya atatu. Injiniyo inali itatopa: utsi wabuluu, oyilo osakwera bwino ikatentha, komanso kugogoda chapansi.

M'malo mwake mulowa injini ya LM7 ya malita 5.3, yochokera mu pikapu ya Silverado ya 2002 imene inachita ngozi chakumbuyo. Injini za banja la LS zimenezi zinayamba ndi Corvette ya 1997, kenako GM (General Motors, kampani yopanga Chevrolet) inaziika m'mapikapu ake ambirimbiri kuyambira 1999, n'chifukwa chake kogulitsira zitsulo za galimoto zakufa zili mbwee ndipo sizidula. Alamu ankafuna 454. Kunena zoona, pa nkhani ya torque converter, chipangizo chodzaza oyilo chimene chimapatsira mphamvu ya injini ku gearbox, 454 ikanatipeputsira ntchito, chifukwa kumbuyo kwake kumagwirizana ndi TH350 monga mmene 350 inkachitira. Chikanafunika ndi flexplate yakeyake basi (chimbale chachitsulo cha kumbuyo kwa injini chimene converter imamangidwapo), popeza 454 imadalira chitsulo cholemera chimene chili pa flexplate kuti isanjenjemere. Koma 454 yabwino ndi ndalama, mafutanso imamwa mosaumira.

Gearbox sitikusintha. Mwini wake wakale anaikonzetsa, mapepala ake tinawapeza m'galimoto momwemo, ndipo inkasintha magiya bwinobwino. Funso latsala pa torque converter: tibwezere yomweyi kapena tigule ina? Alamu akuti chinthu chimene chinkagwira ntchito dzulo sichingakane lero. Ine ndikuti tiyeze kaye. Pakadali pano converter taizula pa gearbox, taitseka kukhosi ndi nsalu kuti fumbi lisalowe.

Pakati pa Okutobala

Vuto la converter ndi loti ndi yowotcherera mozungulira, sungaitsegule ndi sipanala, ndipo za GM za nthawi imeneyo zambiri zilibe ngakhale kabawuti kokhetsera oyilo. M'kati mwake muli zinthu zitatu zikuluzikulu. Impeller ndi thupi lenilenilo, limazungulira ndi injini n'kumaponya oyilo. Turbine imalandira oyiloyo n'kumazunguza shafuti yolowa mu gearbox. Pakati pa ziwirizi pali stator, imene imakhota oyilo wobwerera kuti athandize impeller m'malo molimbana nayo. Stator ndiyo imachititsa kuti ponyamuka mphamvu yopotokola ya injini ichuluke pafupifupi kawiri. Imakhala pa kachipangizo kolola kuzungulira mbali imodzi yokha. Kachipangizoko kakafa, galimoto imanyamuka mwaulesi ngati yayambira giya yachiwiri. Kakagwirana mbali zonse, galimoto imalemera pamsewu waukulu ndipo oyilo amapsa.

Kunja converter yathu ikuoneka bwino, penti yabuluu ikadalipo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, choncho tinayamba ndi oyilo. Tinaizondotsa pa beseni titayala nsalu yoyera, n'kuisiya idonthe. Oyilo anatuluka wofiirira ndithu, wada pang'ono, wosanunkha kupsa. Pansalupo panalibe tizitsulo tonyezimira, panalibenso timiyala takuda ta ma clutch. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse yobwezera converter. Gearbox ikafa, zinyenyeswa zake zimakabisala m'mapiko a converter, ndipo ngakhale mutsuke bwanji sizituluka zonse. Mukaiika pa gearbox yabwino, imayamba kuzilavula pang'onopang'ono. Kwathu kuno chimene chinafa ndi injini, ndipo oyilo wa injini sakumana ndi wa gearbox. Ikanakhala kuti yafa ndi gearbox, zolemba zino zikanathera pomwepa, converter itapita kumulu wa zitsulo.

Kenako khosi. Khosi la converter ndi limene limalowa mu pampu ya gearbox. Pamenepo pamayenda bushing (kamphete kamene khosilo limazunguliramo) ndi seal (yoletsa oyilo kudontha), ndipo kumapeto kwake kuli mipata iwiri imene imakola mano a giya ya pampu. Ndinayendetsa chikhadabo mozungulira: pali kamzere kooneka ndi maso pomwe seal imakhudza, koma chikhadabo sichikukodwa. Mipata iwiri ija m'mphepete mwake simunaphwanyike. Stator ndinaiyesa polowetsa chala mpaka pa mano ake: mbali ina ikuzungulira mofewa, mbali ina ikugwira gwa. Kuyesa kwa chala si umboni wokwanira, chifukwa mphamvu ya chala ndi ya oyilo n'zosiyana kutali, komabe ikanazungulira mbali zonse tikanadziwiratu.

Chinthu china chimene ambiri amadumpha ndi kufunsa injini yakale. Converter ikatupa, kapena oyilo akamapanikizika kwambiri m'kati mwake, imakankha crankshaft (shafuti yaikulu ya injini) kutsogolo n'kudya thrust bearing, imene imaletsa crankshaft kusuntha kutsogolo ndi kumbuyo. Ndiye tinapita pakona paja, n'kuika geji pa crankshaft ya 350, n'kuikankha kutsogolo ndi kumbuyo ndi chitsulo. Ikusuntha pang'ono chabe, mosapitirira malire a buku. Kumaso kwa converter kulibenso zipsera za mitu ya mabawuti a flexplate, zimene zimaoneka converter ikafufuma. Injiniyo inafa imfa yakeyake, converter ilibe mlandu.

Pomaliza tinainyamula kupita nayo kwa bambo ena achikulire amene amakonza ma gearbox m'tauni muno. Anaitseka kukhosi, n'kuipopa mpweya, n'kuimiza m'madzi: thovu silinatuluke. Anayezanso kusewera kwa turbine m'kati. Ndinawafunsa ngati n'kofunika kuidula pa makina, kuitsuka ndi kuiwotchereranso.

“Mukafuna ndidula,” anatero, “koma ndalama yake simusiyana kwenikweni ndi kugula ina yokonzedwa kale. Gearbox yake ndi yomweyo?”

“Ndi yomweyo, bambo.”

“Ndiye dothi limene lilimo ndi lawo lomwe, adziwana kale. Kaikeni. Koma za crankshaft yaifupi ija mukuzidziwa?”

Kumapeto kwa Okutobala

Za crankshaft yaifupi tinkazidziwa pomva, lero taziona ndi maso. Injini ziwirizi taziika pafupi, zonse zitatembenukira kumbuyo, n'kuyeza kuchokera pamene gearbox imakhudza mpaka kumapeto kwa crankshaft. Ya LM7 yafupika ndi mainchi 0.400, amene ndi mamilimita 10 ndi kakusefukira pang'ono. Ndi mmene GM inapangira injini za LS pafupifupi zonse. Zosiyana nazo ndi zochepa, monga ya malita 6.0 ya m'mapikapu a 1999 ndi 2000, imene ili ndi crankshaft yaitali.

Mamilimita 10 amenewa akhudza pilot. Pilot ndi kachitsulo kozungulira kotuluka pakati penipeni pa converter, kukula kwake mainchi 1.703, ndipo ntchito yake ndi kulowa m'dzenje la kumbuyo kwa crankshaft. Anthu ambiri amaganiza kuti mabawuti atatu a flexplate ndi amene amaika converter pakati. Ayi. Mabawuti amangoikoka kuti izungulire. Oiika pakati ndi pilot kutsogolo ndi bushing ya pampu kumbuyo. Converter ya mainchi 12 itadzaza oyilo ndi chinthu cholemera, ndipo imazungulira liwiro limodzi ndi injini. Pilot ikangolendewera m'malere osafika m'dzenje, converter imazungulira mopendama pang'ono, kupendama kosaoneka ndi maso. Galimoto iyenda ndithu, mwina miyezi. Kenako bushing idyeka, seal iyamba kudontha, flexplate ichita ming'alu kuzungulira mabawuti, ndipo munthu ayamba kutukwana gearbox yosalakwa.

Chachiwiri ndi mabowo. Flexplate imene inabwera ndi LM7 ndi ya converter ya 4L60E, gearbox ya mu pikapu ija; mabowo ake ali pa mzere wozungulira wa mamilimita 281, pafupifupi mainchi 11.07. Miyendo itatu ya converter yathu ili pa mainchi 10.75, ndiye kuti mamilimita 273. Palinso muyeso wachitatu, mainchi 11.5, wa converter zikuluzikulu za ma gearbox a TH400 ndi 4L80E. Titasanjika converter pa flexplate ya pikapu ija, bowo lililonse likuphonya ndi mamilimita 4. Ukasuzumira umaona theka la bowo likukuyang'ana, n'kumakunyenga kuti ndi pafupi.

Alamu anatenga tupa nthawi yomweyo. Njira imeneyo ilipo, ambiri achita: kukulitsa mabowo atatuwo cham'kati, kenako kuika kamphete kotalikitsa pilot. Sindikunena kuti sigwira. Chimene sindikondwa nacho ndi choti dzanja la munthu silisema mabowo atatu mofanana, ndipo m'mphepete mosemedwa ndi tupa ndi mmene mng'alu umakonda kuyambira. Flexplate yomweyo yayenda kale zaka zambiri pansi pa pikapu yonyamula katundu. Ndinawauza kuti, “Alamu, chitsulo chimenechi chimazungulira pafupi ndi mapazi anu, osati anga, paja oyendetsa ndinu.” Tupa linabwerera m'bokosi.

Njira ina ndi ya GM yomwe. Pa injini za 6.0 zoyenda ndi 4L80E, iwo anaika chitsulo chokhuthala mamilimita 10 pakati pa crankshaft ndi flexplate yafulati, ndi mabawuti aatali. Ndi njira yolimba, koma flexplate yake ndi ya mainchi 11.5, yathu siifika. Apa pali msampha umene ndiyenera kuulemba: flexplate za LS zilipo za mitundu iwiri, yafulati ndi yolowa ngati mbale. Yolowayo inapindidwa dala kuti mano ake 168 akumane ndi sitata ngakhale crankshaft ndi yaifupi. Mukaika chitsulo chokhuthala chija kutsogolo kwa flexplate yolowa, mwabweza mano m'mbuyo kawiri: sitata iluma m'mphepete, ndipo converter isowa malo. Pa flexplate yolowa, chitsulocho chimakhala kumbuyo, kumbali ya gearbox, n'kumagwira ntchito yongolandira pilot.

Njira yodula kuposa zonse ndi kupangitsa converter yatsopano ya TH350 yokhala ndi pilot yaitali ndi miyendo ya LS. Imeneyo ndi yaukhondo, koma ikupha cholinga chathu.

Tagwirizana zogula flexplate yatsopano yolowa, yobooledwa kale pa mainchi 10.75, ya muyezo wa SFI 29.1 umene amafuna pa mipikisano, pamodzi ndi kamphete ka pilot ndi mabawuti atsopano a crankshaft. Mtengo wa zonsezi sukufika pa wa converter yopangitsa.

Sabata yoyamba ya Novembala

Tikudikira katundu. Pakadali pano tasintha poto wa oyilo wa injini, chifukwa wa pikapu ndi wakuya kwambiri, akanalendewera pansi pa chitsulo chopingasa cha Chevelle. Rediyeta ndi yatsopano, ndipo kutsogolo kwake taika kooziziritsira oyilo wa gearbox kapadera. Mapayipi akale a gearbox tawataya. Lina linali lophwanyika pang'ono pokhota. Payipi yotsamwa imakweza mphamvu ya oyilo mu converter, converter n'kukankha crankshaft, ndiye sitingaike injini yabwino pa payipi yotere. Mawaya ndi kompyuta ya injini zapita kwa katswiri kuti achotse loko woletsa akuba ndi zonse zokhudza 4L60E.

Pakati pa Novembala

Kunja kwazizira, m'galaja simukhalika, ndiye lero ndi tsiku la pepala ndi pensulo. Converter ikhoza kukhala yamoyo, mabowo n'kugwirizana, koma n'kukhala yosayenera injini. Nkhani yake ndi stall: liwiro limene injini imafika mukaponda buleki ndi moto pamodzi galimoto ili mu giya, converter isanaikanize kukwera.

Chimene chimasokoneza anthu ndi choti stall si nambala yokhazikika yodindidwa pa converter. Converter yomweyomweyo imapereka stall yotsika kumbuyo kwa injini yofooka, yokwera kumbuyo kwa injini yamphamvu. Kukwerako sikuyenda mofanana ndi mphamvu, kumatsata square root yake. Mwachitsanzo, converter imene ikuima pa 1,800 rpm ndi injini yopotokola 300 lb-ft, mukaipatsa ya 400 lb-ft iima cha pa 2,080 rpm. Mphamvu yakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, stall yakwera ndi 280 rpm yokha.

Tisanazule 350 tinayesa, inaima pa 1,600 rpm. Pa pepala, 350 ya kabuleta yaing'ono ya 1970 inalembedwa horsepower 250 ndi 345 lb-ft, pamene LM7 ya 2002 ndi horsepower 285 ndi 325 lb-ft. Wongoyang'ana manambala anganene kuti yakaleyo imapotokola kuposa yatsopano. Koma manambala a 1970 ankayezedwa injini ili yokhayokha, yopanda fani, sefa ya mpweya ndi ekizozi ya galimoto. Kuyambira 1972 ndi pamene makampani a ku America anayamba kulemba mphamvu ya injini itavala zonse. Kuwonjezera apo yathu inali nkhalamba yotha mano. Ndikuyembekeza kuti stall ikwera pang'ono, mwina kufika 1,800, osapitirira 2,000.

Kodi zimenezo zikwanira? Kwa LM7 yosasinthidwa, inde. Camshaft yake (shafuti yotsegula ndi kutseka ma valve) ndi ya pikapu, yofatsa, inapangidwa kuti ikoke kuyambira pansi, ndipo injini imalira modekha ikangoima. Converter yothina ndi imene imayenera injini yotere: galimoto imanyamuka mukangokhudza moto, ndipo oyilo satentha. Zikanakhala zina tikanaika camshaft yaikulu, ija yolira modukizadukiza imene alamu amaionera pa YouTube usiku. Injini yotero pansi ilibe mphamvu, imafuna converter yoilola kukwera mpaka cha ku 3,000 rpm isanasenze galimoto. Ndi converter yathuyi ikanamakankha mabuleki pa maloboti, n'kumazima. Ndawauza kuti tsiku logula camshaft ndi tsiku lomwelo logula converter, asadzawerengere chimodzi chokha.

Iwo abweza ndi funso labwino: bwanji sitinangotenga 4L60E ya mu Silverado momwemo? Ili ndi giya yachinayi ya 0.70, ndipo converter yake ili ndi clutch yoikhoma pamsewu waukulu. TH350 giya yake yomaliza ndi 1.00, converter yake sikhoma, imaterereka pang'ono nthawi zonse. Ndi magiya akumbuyo a 2.73 ndi matayala a mainchi 26, pa mamailosi 70 pa ola, amene ndi makilomita 113, ife tizikhala cha pa 2,500 rpm. Ndi 4L60E tikanakhala cha pa 1,730. Akunena zoona, mafuta tiziwononga ochulukirapo. Koma 4L60E ikanafuna kusuntha chitsulo chogwira gearbox, kudula shafuti yopita kumbuyo, kusintha zokokera magiya ndi geji ya liwiro, ndipo ya mu pikapu ija palibe amene akudziwa moyo wake. Galimotoyi ndi ya Loweruka ndi Lamlungu, si yopitira kuntchito.

Kumapeto kwa Novembala

Katundu wafika, ndipo ntchito yaikulu yachitika.

Tisanamange chilichonse tinayeza kusuntha kwa crankshaft ya LM7 kutsogolo ndi kumbuyo. Buku limalola mamilimita 0.04 mpaka 0.20, yathu ili pa 0.11. Nambalayi ndailemba pakhoma ndi choko, tidzaifuna. Dzenje la crankshaft linali ndi dzimbiri, tinalipala ndi sandipepa mpaka kamphete kanalowa mothina bwino, pogogoda pang'ono ndi mtengo. Kamphete komweko tinakayesa pa pilot: kakulowa ndi dzanja, osagwedera. Flexplate tinaisanjika kaye pa converter pansi, miyendo itatu yonse inakhala pa mabowo ake. Mabawuti asanu ndi limodzi a crankshaft amamangidwa modumphadumpha, katatu: 20, kenako 50, kenako 100 Nm, ali ndi guluu wa mazinga.

Ku gearbox tinasintha seal ya pampu, popeza kuisintha pambuyo pake n'kuzulanso zonse. Mu converter tinathira oyilo wa Dexron pafupifupi lita imodzi, pang'onopang'ono chifukwa amalowa mozengereza, n'kupakanso wina kukhosi. Converter imalowa pa gearbox, osati pa injini. Woimangirira ku flexplate kaye n'kumakankhira gearbox pambuyo amaswa pampu. Polowa imadutsa makwerero atatu: mano a shafuti ya turbine, mano a stator, kenako mipata iwiri ija kukola giya ya pampu. Umaigwira pa pilot ndi dzanja limodzi kuti isagwe mphuno, linalo likuzunguza ndi kukankha. Awiri oyambawo analowa msanga. Lachitatu linavuta, mpaka alamu anati yafika basi. Makutu ndi manja amanama pamenepa, rula sanama. Tinagoneka chitsulo chowongoka pakamwa pa bellhousing, chigoba cha kutsogolo kwa gearbox chimene chimamangidwa ku injini, n'kuyeza mpaka pa miyendo ya converter. Pa TH350 payenera kukhala inchi imodzi ndi 1/8, pafupifupi mamilimita 28.6. Panali 17. Tinazunguzabe, tikuinyamula pang'ono, mpaka inamveka kuti khu, n'kulowa. Titayezanso, 28.5.

Injini ndi gearbox tinazikumanitsa pansi, kunja kwa galimoto, kuti tione bwino. Bellhousing ya TH350 ili ndi mabowo asanu ndi limodzi, koma pa LS amagwira asanu. Lakumwamba kudzanja lamanja lilibe mnzake pa injini, ndipo limangosiyidwa choncho. Mabawuti ake ndi a mamilimita, M10, akale a mainchi aja salowa. Timisomali tiwiri tolondolera gearbox tonse tilipo pa injini. Lamulo lathu linali limodzi: zitsulo ziwirizi zikhudzane ndi manja okha. Pakatsala mpata, ndiye kuti china chatsamira, ndipo kukoka ndi mabawuti n'kuthyola giya ya pampu. Zinakhudzana popanda mkangano. Ndinalowetsa dzanja pansi, converter ikuzungulira momasuka.

Kenako mpata. Converter itakankhidwira kumbuyo kotheratu, pakati pa miyendo yake ndi flexplate payenera kukhala 1/8 mpaka 3/16 ya inchi, kunena kuti mamilimita 3 mpaka pafupifupi 5. Mpatawo ukasowa, converter ikatentha ilibe kofutukukira, imapanikiza pampu kumbuyo ndi thrust bearing kutsogolo. Ukachuluka, pomanga mumaikokera kutsogolo kwambiri, mipata ya kukhosi n'kutsala ikugwira mano a pampu ndi nsonga zokha. Tinayeza polowetsa tizitsulo tobowolera ta makulidwe osiyanasiyana. Ka mamilimita 6 kanalowa mothina pa miyendo yonse itatu. Wachuluka.

Mankhwala ake ndi mawashala olimba, ofanana ndendende, limodzi pa mwendo uliwonse. Tinasankha a mamilimita 2, titawayeza lililonse palokha, chifukwa a m'paketi imodzi amasiyana. Mpata unatsala 4. Koma washala amabweretsa funso lina: converter tsopano sibwera kutsogolo kwambiri, nanga pilot ikufikabe mu kamphete? Tinamasula, n'kupaka girizi pa pilot, n'kumanganso, n'kukokera converter ku flexplate, n'kumasulanso. Ntchito yotopetsa, alamu anang'ung'udza, koma girizi anasonyeza kuti pilot ikulowa mamilimita oposa 5. Zakwana.

Mabawuti atatu a converter tinawayamba onse ndi zala tisanalimbitse lililonse, tikuzunguza injini ndi sipanala kutsogolo. Ukalimbitsa loyamba, lachitatu silipeza bowo. Tinaonanso kutalika kwawo, poti bawuti lalitali limaboola mwendo n'kukatindika thupi la converter.

Disembala

Zonse zili m'galimoto. Payipi ya modulator, imene imauza TH350 kulemera kwa ntchito ya injini kudzera mu mpweya wokokedwa, taitenga kumbuyo kwa intake, njira yolowera mpweya mu injini. Chingwe cha kickdown, chotsitsa giya mukaponda moto kwambiri, tachipangira kachitsulo pa throttle, chitseko cha mpweya wolowa mu injini. Mwayi wake throttle ya LM7 yathu ndi ya chingwe, si ija yamagetsi ya zaka zotsatira. Chivindikiro cha pansi pa converter chinafunika kudula pang'ono.

Tinathira malita anayi tisanalize. Injini italira, pampu inayamba kudzaza converter ndi mapayipi, ndipo alamu anali chire ndi botolo kuwonjezera. Matayala akumbuyo ali m'mwamba tinadutsa magiya onse, n'kumayang'ana mulingo injini ikulira, giya ili pa P. Zonse pamodzi yamwa malita opitirira 9. Palibe kulira kwa pampu, palibe kugogoda kwa flexplate, pansi ndi pouma. Ndinaika dzanja pa bellhousing alamu akukweza moto pang'onopang'ono mpaka 3,000 rpm: kunjenjemera kulibe.

Titatuluka nayo mumsewu wa kuseri, vuto linaoneka. Ikayenda n'kufika poima, injini imatsika kwambiri, nthawi zina n'kuzima. Alamu anandiyang'ana, ine ndinadziwa chimene akuganiza, ngakhale kuti woumirira kubwezera converter anali iwo. Koma converter imene imazimitsa injini poima nthawi zambiri ndi yokhala ndi clutch imene yakana kumasuka, ndipo yathu ilibe clutch. Komanso galimoto itaima, kuchoka pa P kupita pa D injini siinkazima. Inkazima pokhapokha ikuchokera pa liwiro. Kompyuta ya LM7 inazolowera kuuzidwa liwiro la galimoto ndi 4L60E, ndipo imagwiritsa ntchito uthengawo posamala injini pamene mukutsika kukaima. TH350 ili ndi chingwe chozungulira chopita ku geji basi, kompyuta siimva kanthu. Taika kachipangizo kowerenga liwiro pakati pa gearbox ndi chingwecho, katswiri uja wakonza manambala, kuzima kwatha.

Masiku a Khirisimasi atadutsa

Msewu unauma, mchere wothira pa chipale unakokoloka ndi mvula, ndiye tinayenda nayo ulendo wotalikirapo. Stall tinayesa gearbox itatentha, kwa masekondi atatu okha, chifukwa pamenepo mphamvu yonse ya injini imasanduka kutentha mu oyilo. Singano inaima pa 1,800 rpm matayala asanayambe kukwekwesa. Ponyamuka galimoto ikudumpha bwino, kusonyeza kuti stator ikugwira. Pa mamailosi 70 injini ili pa 2,580 rpm, pamene kuwerengera kopanda kuterereka kumapereka 2,470. Kusiyanako ndi pafupifupi 4 peresenti, zimene ndi zabwinobwino kwa converter yosakhoma. Geji ya oyilo wa gearbox sinapitirire madigiri 80 a Celsius, koma kunja kukuzizira, chiweruzo chenicheni chidzakhala mu Julayi.

Kusintha kuchoka giya yoyamba kupita yachiwiri kukubwera msanga kuposa mmene ndikufunira. Zimenezo si za converter, ndi za modulator ndi governor, kachipangizo ka mu gearbox komva liwiro la galimoto; modulator yathu ili ndi kasikuluwu kosinthira, tiyamba ndi iko. Ekizozi ikukhudza chitsulo chopingasa kumanzere, ikufunika kupindidwanso.

Loweruka likubwerali titsitsa poto wa gearbox kuti tione sefa ndi maginito, tiyang'ane mabawuti atatu a converter ngati sanasunthe, ndipo tiikanso geji pa crankshaft kuti tifananize ndi 0.11 ili pakhoma ija. Alamu ayamba kale kufunsa mitengo ya camshaft, ndipo ndawapempha kuti pa pepala lomwelo alembepo converter ya mainchi 10 yokhala ndi pilot yaitali ya LS, kuti kamphete ndi mawashala zidzatuluke limodzi ndi yakaleyi.